YAMBANI MWAMUONA BWINO WOVULALA MUSANAMNYAMULE

Zaka zingapo zapitazo, nyengo ya masika, ndinali pa ulendo wanga woyendera zitsime ndi zimbudzi m'midzi ya kufupi ndi Makhanga pamene ngolo yodzaza ndi matumba a chimanga inagubuduzika potsika chitunda cha njanji. Pa ngolopo panali anthu aŵiri, mnyamata wa zaka ngati 17 ndi amalume ake. Mnyamatayo anatemeka pamutu, magazi nayenderera nkhope yonse, ndipo analira mokuwa kotero kuti anthu a m'minda yoyandikana anataya makasu nathamangira komweko. Amalume aja anadzuka okha, nakakhala pansi pa mtengo wa masau. Titaŵayandikira anati, "Ine musavutike nane, thandizani mwanayo."

Tonse tinachita monga momwe ananenera. Tinamanga mutu wa mnyamatayo, tinaimitsa njinga yamoto imene inali kudutsa, ndi kumtumiza ku chipatala. Bambo aja anapempha madzi akumwa, ndipo anapatsidwa. Anapemphanso kachiŵiri. Patapita ola limodzi thupi lao linali litazizira, thukuta lili kamukamu, ndipo anali kudandaula kuti pheŵa lamanzere likuŵapweteka, chonsecho pa pheŵapo panalibe bala. Pamene anthu anapeza machira ndi kufika nao ku chipatala dzuŵa linali litaloŵa. Dokotala anati kapamba anaphulika pamene ngolo inaŵagunda m'nthiti, ndipo magazi anathera m'mimba. Anamwalira usiku womwewo. Mnyamata uja anasokedwa, ndipo m'maŵa mwake anali pa maliro a amalume ake, mutu uli womanga.

Ine ndinali pomwepo, ndi maphunziro anga onse a zaukhondo. Sindinaŵagwire dzanja bambowo, sindinayang'ane m'zikope mwao, sindinafunse pamene ngolo inaŵagunda. Zinthu zitatuzi sizikanatha mphindi ziŵiri, ndipo woyamba kupita ku chipatala akanakhala iwo.

Phunziro la mwezi uno lachokera pamenepo. Tisanapereke chithandizo choyamba kwa munthu wovulala, tiyenera kuyamba tamuona, tamfunsa ndi kumgwira mwa dongosolo, kuti tidziŵe chimene chingamuphe msanga. Kwa ife a tsidya la kum'maŵa kwa Shire nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Makhanga ali kufupi ndi pamene Ruo atsirira mu Shire, m'dera la mfumu yaikulu Mlolo. Chiyambire 1997, pamene madzi anadula njira ya ku Chiromo, anthu akhala akuoloka pa bwato popita ku Bangula. Mu Januwale 2015 Ruo anasefukira nasandutsa Makhanga chilumba, kotero kuti kunkafikika pa bwato kapena pa ndege ya helikopita yokha. Mu Malichi 2019 zinabwerezanso, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sanatisiye. Chipatala cha Trinity ku Muona ndi chipatala cha boma ku Nsanje ndi zapatali kwa munthu amene akutaya magazi, makamaka nyengo ya dzinja. Chotero kuno munthu woyamba kufika pa ngozi, kaya ndi mlimi, msodzi kapena mai wochokera kotunga madzi, ndiye amagamula za amene ayambe kunyamulidwa ndi za kanyamulidwe kake.

Imani kaye

Musanafike pamene pali wovulala, imani ndi kuyang'ana malo onse. Kodi chimene chamvulaza chija chatha, kapena chikadalipo? Nyumba ya zidina zosaotcha imene yanyoŵa ndi madzi osefukira siigwa khoma limodzi lokha, lachiŵiri limatsatira. Ng'ona imene yalephera kukoka munthu siipita kutali, ndiye wolumidwa achotsedwe m'mbali mwa madzi msanga. Ng'ombe zimene zikadali pa goli zimasulidwe. Pa mseu, wina aime patali kuti aimitse magalimoto ndi njinga. Ngati pali waya wa magetsi wogwa, musamkhudze munthuyo kapena kuponda m'madzi ali pafupi mpaka magetsi atazimitsidwa. Munthu amene akumira mponyereni chingwe, nsungwi kapena chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Ambiri amene amadziponya m'madzi othamanga kuti apulumutse mnzao amapita naye limodzi.

Mukadali chiimire, ŵerengani anthu ovulala. Funsani kuti pa ngolo, pa njinga kapena m'bwato munali anthu angati, pakuti wina angakhale ataponyedwa m'udzu osaoneka. Ndipo musanagwire magazi valani majumbo aŵiri osabooka m'manja. Izi zimakutetezani inu ku kachilombo ka HIV ndi matenda a chiŵindi, ndiponso zimateteza bala ku dothi la m'manja mwanu.

Wolira ndi wachete

Gwadani pambali pa wovulala, mgwireni pa mapeŵa pang'onopang'ono osamgwedeza, ndi kumuitana mokweza: "Bambo, mukundimva? Dzina lanu ndani?" Munthu amene wayankha bwino, kapena amene akulira mokuwa, wakuuzani zinthu zitatu nthaŵi imodzi: kukhosi kwake nkotseguka, akupuma, ndipo magazi akufika ku ubongo. Kulira kumatisokoneza mtima, komatu ndi uthenga wabwino. Woopsa ndi amene ali chete, amene akuyankha zosagwirizana ndi funso, kapena amene akungobuula. Pakakhala ovulala angapo, yambani ndi wacheteyo.

Pa nthaŵi yomweyi tumani munthu kukaitana chithandizo. Musangokuwa kuti wina apite, chifukwa pa gulu aliyense amayesa kuti mnzake wapita. Lozani munthu mmodzi: "Inu achimwene a malaya ofiira, thamangani mukaitane alangizi a zaumoyo, mubwere mudzandiuze." Wina akafune bwato kapena galimoto, wina aimbe lamya ku chipatala.

Chinthu chimodzi chokha chimaloledwa kudumpha mzere, ndicho magazi otuluka mothamanga, ochita kutumphuka kapena onyoŵetsa nsalu nthaŵi yomweyo. Magazi otere amatha kupha munthu pa mphindi zoŵerengeka. Pindani chitenje choyera, chiikeni pa bala, ndi kukanikiza ndi mphamvu zanu zonse kwa mphindi 10 osasuzumira. Chikanyoŵa onjezani china pamwamba. Ngati mkono kapena mwendo wadukadi kapena wang'ambika kwambiri, monga zimachitikira ndi ng'ona, ndipo kukanikiza kwalephera, mangani nsalu yotambalala kumtunda kwa bala, loŵetsani kamtengo ndi kupotokola kufikira magazi ataleka. Musagwiritse ntchito waya, mphira kapena kachingwe kakang'ono. Kumbukirani nthaŵi imene mwamanga, ndipo womasula akhale wa ku chipatala. Chisonga, mpeni kapena chitsulo chimene chaloŵa m'thupi musachizule.

Kodi akupuma?

Ngati munthu sakuyankha konse, onani kupuma kwake. Ubongo ukasoŵa mpweya umayamba kuonongeka pakatha mphindi 4 kufikira 6. Munthu wokomoka atagona chagada, lilime lake limagwera kumbuyo ndi kutseka njira ya mpweya. Ndicho chifukwa chake ena amamveka ngati akuliza mkonono. Ikani dzanja limodzi pa mphumi, ndi zala ziŵiri za dzanja lina kwezani chibwano. Ngati mukuganiza kuti khosi lavulala, kankhirani nsagwada kutsogolo osapinda khosi. Chotsani matope, masanzi kapena mano oguluka amene mukuŵaona m'kamwa, koma musapise chala kukhosi mongofufuza. Tsono ikani tsaya lanu pafupi ndi mphuno yake, maso ali pa chifuŵa, kwa masekondi 10. Onani ngati chifuŵa chikukwera, mverani mpweya ndi khutu, ndipo muumve pa tsaya.

Kutsegula kamwa mwa apo ndi apo, monga imachitira nsomba yovuulidwa, si kupuma ai. Munthu wotere, ndiponso amene sakupuma konse, mgonekeni chagada pa malo olimba ndi kukanikiza pakati pa chifuŵa ndi manja aŵiri, mozama ngati masentimita 5, maulendo 100 kufikira 120 pa mphindi. Mukakanikiza ka 30, muuzireni mpweya m'kamwa kaŵiri. Wovuulidwa m'madzi yambani ndi kumuuzira mpweya kasanu. Mwambo woponda pamimba kapena wozondotsa munthu kuti madzi atuluke tiuleke, pakuti umangotulutsa za m'mimba zimene zimakatseka njira ya mpweya. Luso limeneli silimveka bwino pa pepala. A bungwe la Red Cross akabwera kudzaphunzitsa m'mudzi, pitani mukayesere ndi manja anu.

Amene wakomoka koma akupuma bwino mgonekeni chammbali, kamwa litaloza pansi, kuti akasanza asatsamwe. Musamthire madzi kumaso, musamkhazike tsonga, ndipo musaike kanthu kalikonse m'kamwa mwake. Wodwala khunyu amene wagwera pa moto kapena m'madzi mchotseni msanga mopanda mantha, chifukwa khunyu silipatsirana, kaya ndi thovu kaya ndi mpweya.

Kwa amene akupuma, ŵerengani. Munthu wamkulu amapuma maulendo 12 kufikira 20 pa mphindi. Ana amapuma mofulumirapo. Wamkulu akafika pa 30, kapena akamalephera kumaliza mau chifukwa cha befu, kapena mbali imodzi yokha ya chifuŵa ikamakwera, m'chifuŵa mwavulala ndipo ulendo wa ku chipatala usachedwe. Wotere mloleni akhale motsamira ngati ndi mmene akupumira bwino.

Magazi osaoneka

Apa mpamene ndinalakwa ine, ndiye ndikhalitsapo. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana ngati malita 5, ndiye kuti kachigubu kamodzi ka mafuta ophikira. Khungu la pamutu lili ndi timitsempha tambiri, motero bala laling'ono limafiiritsa nkhope ndi malaya, koma kaŵirikaŵiri limaleka mukakanikiza. Pamene fupa la ntchafu likathyoka, lita imodzi kapena kuposerapo imatha kutayikira mkati mwa ntchafuyo popanda dontho looneka kunja. M'mimba, m'chifuŵa ndi m'mafupa a m'chiuno mumabisala ochuluka kuposa apa.

Kapamba ali kumanzere, kunsi kwa nthiti zomalizira. Kuno ku chigwa, kumene malungo amatibwerera kaŵirikaŵiri, anthu ambiri, makamaka ana, kapamba wao ndi wotupa, ndipo kapamba wotupa amaphulika ndi kugunda kumene munthu wina akanangodzuka nako ndi kusansa fumbi. Chigwiriro cha njinga, chibakera, nyanga ya ng'ombe kapena kugwera pa chitsa nzokwanira. Magazi akafika kunsi kwa chifuŵa, ululu umamvekera ku pheŵa lamanzere. Bambo aja anatiuza chizindikiro chimenechi ndi pakamwa pao, ife osachimva.

Nanga magazi osaoneka tingaŵadziŵe bwanji? Gwirani dzanja la wovulala. Kodi ndi lofunda ndi louma, kapena lozizira ndi lonyoŵa thukuta? Tembenuzani chikhatho, ndipo tsitsani chikope cha m'munsi. Mkati mwa chikope muyenera kukhala mofiirira. Mukatuŵa, magazi achepa. Kanikizani chikhadabo chake kwa masekondi 5 ndi kusiya: kufiira kubwerere pasanathe masekondi aŵiri. Kenaka ikani zala ziŵiri pa mkono, kunsi kwa chala chachikulu, ndi kuŵerenga kugunda kwa mtima. Kwa wamkulu ndi 60 kufikira 100 pa mphindi. Mantha ndi ululu zimathamangitsa mtima, nchifukwa chake muŵerengenso pakapita mphindi zisanu. Wa mantha mtima wake umatsika akakhazikika, koma wotaya magazi umanka nuthamangirabe ndi kufooka, kufikira simuumvanso pa mkono. Onjezani pamenepo ludzu losatha, chizungulire akafuna kuimirira, kusakhazikika, ndi mimba youma gwa kapena yoŵaŵa mukaikhudza. Mukapeza ziŵiri kapena zitatu mwa izi, munthuyo ndiye woyamba kunyamulidwa, ngakhale iye mwini akukana.

Ndipo adzakanadi. Akuluakulu athu sakonda kudandaula pamaso pa ana, ndipo mai amayamba waganiza za mwana wake. Mau akuti "ndili bwino" alandireni mwaulemu, koma dzanja ligwireni ndithu. Ana nawo ndi onyenga: mwana amatha kukhala maso ndi kulankhula atataya magazi ambiri, kenaka nkufooka mwadzidzidzi. Mai woyembekezera amene wagwa kapena wagundidwa pamimba apite ku chipatala ngakhale asakumva kanthu, ndipo agone chakumanzere pa ulendo.

Wotaya magazi mgonekeni pansi pa mthunzi, mvuleni zonyoŵa ndi kumfunditsa, ngakhale kuno kwathu kotentha, pakuti thupi lozizira magazi ake saundana msanga. Madzi musampatse, ngakhale apemphe modandaula. Akhoza kusanza ndi kutsamwa, ndiponso kumene akupita angafunike opaleshoni. Ndikudziŵa kuti kumana munthu madzi nkovuta pa chikhalidwe chathu. Mnyoŵetseni milomo ndi kansalu, ndi kumfotokozera chifukwa chake. Za kachasu kuti alimbe mtima, nzosayenera nkomwe.

Khosi, msana ndi mutu

Munthu akagwa, manja athu amafulumira kumdzutsa. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Yambani mwafunsa chimene chachitika. Amene wagwa mu mtengo wa mango kapena wa mgwalangwa, amene wagweredwa ndi khoma, amene waponyedwa pa njinga yamoto, kapena amene wadumphira chamutu m'madzi osaya, tiyenera kumuyesa wovulala msana kufikira a chipatala atanena kuti ai. Muuzeni asatembenuke. Mfunseni ngati khosi kapena msana ukupweteka. Muuzeni afinye zala zanu ndi dzanja lililonse, agwedeze zala za kumapazi, ndipo mkhudzeni miyendo kuti anene ngati akumva. Dzanzi, kufooka, kapena kudzikodzera osadziŵa ndi zizindikiro zoopsa. Fupa la msana likhoza kuthyoka koma mtsempha waukulu wa mkati mwake uli wosaduka. Amene amaudula nthaŵi zina ndi abale achikondi amene amnyamula m'khwapa ndi m'miyendo, kapena kumkhazika pakati pa anthu aŵiri pa njinga yamoto.

Wotere ngati malo ali oopsa kapena palibe ambulansi, zulani chitseko. Pafunika anthu anai: mmodzi agwire mutu ndi manja aŵiri kuti ukhale molunjika ndi thupi, ndipo iyeyo ndiye aziŵerenga kuti onse atembenuze pamodzi ngati chipika. Mmangeni pa chitsekocho ndi zitenje, nsalu zopinda zili mbali zonse za mutu. Chitseko chomwecho chiloŵe m'bwato, kapena m'mwadiya monga tinenera kuno, ndi kutuluka naye tsidya linalo.

Za mutu, funsani ngati anakomoka ngakhale pang'ono, ndi ngati akukumbuka zimene zachitika. Yang'anani timaso takuda ta pakati pa diso ngati tili tofanana kukula. Onani ngati m'khutu kapena m'mphuno mukutuluka magazi kapena timadzi toyera, ndipo musatsekemo. Pali kuvulala kwina kumene munthu amakomoka, nadzuka, nalankhula bwinobwino, koma pakapita maola angapo amayamba kusanza, mutu kuŵaŵa kwambiri, ndi kugona tulo tosadzutsika, chifukwa magazi akuunjikana mkati mwa chigaza. Wogundidwa pamutu asagone yekha usiku woyamba. Ndipo fungo la moŵa lisatipusitse. Mau akuti "msiyeni, waledzera, adzuka yekha" aika anthu m'manda, pakuti woledzera ndiye amagwa kaŵirikaŵiri, ndipo kuledzera ndi kuvulala ubongo zimaoneka mofanana.

Kuyambira kumutu kufikira kumapazi

Zoopsa zija zikatha, muoneni thupi lonse mofulumira. Pemphani chilolezo ngati ali maso, mtchingeni ndi chitenje, ndipo gulu libwerere m'mbuyo. Wovulala akakhala mai, ndi bwino kuti mai mnzake amuone, ngati alipo pafupi. Yendetsani manja pamutu, m'nthiti, pamimba, m'manja ndi m'miyendo, mukuyang'ana nkhope yake kuti muone pamene akumva ululu. Linganizani mbali ziŵiri: mwendo wofupika, wopotoka kapena wotupa kuposa unzake ndi wothyoka, ndipo umangidwe ku thabwa kapena ku mwendo unzake monga momwe uliri, osauongola mokakamiza. M'chiuno musakanikize kapena kugwedeza. Pisani dzanja kunsi kwa msana ndi m'khwapa, chifukwa dothi ndi zovala zakuda zimabisa magazi. Mano a ng'ona amasiya timabala tooneka tating'ono koma tozama ndi todzaza tizilombo, motero wolumidwa aliyense apite ku chipatala. Wolumidwa ndi njoka mvuleni mphete ndi zibangili, chiŵalocho chisagwedezeke, ndipo musamange, musateme, musayamwe. Pa bala lililonse musaike dothi, ndowe, phulusa kapena mafuta. Zimenezi zimaitana kafumbata.

Funsani wovulala kapena abale ake mafunso oŵerengeka akadali okhoza kuyankha. Ngozi yachitika nthaŵi yanji? Ali ndi matenda a shuga, khunyu kapena kuthamanga kwa magazi? Akumwa mankhwala anji? Alipo mankhwala amene amamuwenga? Wadya nthaŵi yanji? Wina athamange kunyumba kukatenga kabuku kake ka ku chipatala.

Kuona wovulala sikuthera pa malo a ngozi. Ulendo wathu ndi wa maola, ndipo munthu amasintha pa njira. Mphindi zisanu kapena khumi zilizonse muitaneni dzina, onani kupuma, gwirani mkono, ndi kuyang'ana ngati nsalu zanyoŵanso. Amene anamuona poyamba ndiye amperekeze, kuti akafika akanene mwachidule kwa adokotala kapena anamwino: "Ngolo inaŵagunda m'nthiti zamanzere cha m'ma 2 koloko. Poyamba ankalankhula, mtima unkagunda ka 96. Pa doko unafika 120, manja anazizira, ndipo akudandaula pheŵa. Sitinaŵapatse kanthu." Mau otere amathandiza a chipatala kudziŵa msanga ngati wodwalayo ayenera kutumizidwa ku chipatala chachikulu. Pa ulendowo papitenso abale aŵiri kapena atatu athanzi, amene angapereke magazi ngati atafunika.